Mkamwini wa pa Mtsetse wa Kanyimbi

Amene amadutsa masiku ano pa mtsetse wa Kanyimbi, atapanikizana atatu pa njinga yamoto imodzi, mbuzi ili pamiyendo, sangakhulupirire kuti kale pamenepa munthu sankatsetsereka ali pa galimoto. Ukhale mbusa, ukhale mesenjala wa Boma wa chipewa chofiira, unkatsika n'kuyenda pansi ngati anzako. Ndipo wokutsitsayo sanali wapolisi ayi. Analibe mfuti, analibe ngakhale nsapato. Anali Laimoni, mkamwini wa m'mudzi wina kuseri kwa Matandani, munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, wolankhula ngati mawu amachita kugula.

Kwawo kwenikweni kunali cha ku Magaleta. Bambo ake anapita ku Halale iye akukwawa, ndipo sanabwereko, moti Laimoni anakula akudziwa kuwawa kwa nyumba yopanda bambo. Ku Matandani anabwera chaka cha 1941 kudzakwatira Mailesi, n'kukhala pachikamwini monga ankachitira amuna a nthawiyo. Nyumba anamanga ndi iye, mphanje anaswa ndi iye, mitengo khumi ndi iwiri ya manachesi kuseri kwa nyumba anabzala ndi iye, koma zonsezo zinali pa nthaka ya eni. Mkamwini akalakwa ankangomuikira mphasa ndi nkhwangwa yake pakhomo, n'kumulozera njira imene anadzera. Ana, mitengo ndi nkhokwe zinkatsala. Laimoni anali ndi ana atatu, woyamba Stelia, ndipo ankawakonda mochititsa manyazi, mpaka kumawasambitsa yekha amuna anzake akuona. Choncho pamudzipo ankayenda monyang'ama, kuopa kuti tsiku lina angadzapeze mphasa yake ili panja.

Koposa onse ankaopa apongozi ake aakazi, a Enelesi. Sikuti anali ankhanza. Mwambo ndiwo unali wotero: mkamwini sayang'ana apongozi kumaso, salankhula nawo, sadutsana nawo m'njira. Akawaona akuchokera kudambo, Laimoni ankapatukira m'tchire, kukhale minga kukhale chitedze, n'kunjuta komweko mpaka adutse. Nawonso ankakoka nsalu kuphimba nkhope. Akafuna kuti denga la nkhokwe likonzedwe ankauza Mailesi kuti akauze abambo ake a Stelia, yankho n'kubwerera njira yomweyo. Zaka khumi ndi chimodzi anthu awiriwa anamwa madzi a chitsime chimodzi, koma Laimoni ankawadziwa apongozi akewo ndi zidendene zawo ndi katsokomoledwe kawo basi.

Ntchito ya pa mtsetse inamupeza motere. Poyamba anali m'gulu lokonza msewu, kukwirira maenje ndi kutsegula ngalande. Msewuwo unali wokwana lole imodzi, wochokera kumapiri a tirigu ndi kachewere kutsikira kuchigwa cha Lisungwi, ndipo pa Kanyimbi unkakhota kasanu ndi kawiri, thanthwe mbali iyi, phompho mbali iyo. Mu 1947 lole yodzaza tirigu, anthu atakhala pamwamba pa matumba, inaduka mabuleki pokhota pachitatu. Laimoni anali mmodzi wa amene anatsikira kuphompho ndi zingwe. Anatulutsako mitembo isanu ndi inayi. Wina anali mayi wodwala amene anzake anamugoneka bwinobwino pakati pa matumba kuti asamve kugwedezeka. Laimoni sanasimbireko munthu za tsikulo, ngakhale Mailesi, koma anatha mwezi wathunthu osakhudza nyama.

Maliro atatha, a Boma anakhazikitsa lamulo. Pamwamba pa mtsetse anazika mphanda ziwiri n'kupingasapo mpiringidzo wa bulugamu, pansinso chimodzimodzi. Lole ikafika, anthu onse atsike, lole itsogole ndi dalaivala wake yekha, anthu atsatire pansi. Ndipo lole ziwiri zisakumane pakati. Wapolisi ankabwera kamodzi pa mwezi pa njinga yakapalasa, kudzaona ngati chikwangwani chikadalipo, n'kudya manachesi, n'kubwerera. Ntchito yeniyeni inatsalira alonda awiri, Ezekiele pansi, Laimoni pamwamba. Kapitawo wa msewu anasankha Laimoni chifukwa, mwa mawu ake, munthu wosalankhula ngwovuta kumunyengerera. Mlonda aliyense anali ndi chidutswa cha njanji chopachika pamtengo, ndi nyundo. Kumenya katatu ndiye kuti lole ikutsika, kawiri ikukwera, ndipo kumenya kosalekeza ndiye kuti kwagwa zoopsa, thamanga.

Anali masiku okoma amenewo, ndipo okalamba amene anayendapo pansi pa Kanyimbi amawalakalaka mpaka lero. Anthu ankatsika akunyinyirika, koma pofika pokhota pachiwiri nyimbo inali itayamba. Pamenepo mpamene amayi ankasinthana mbewu za nyemba, akulu a mipingo ankatsutsana za tsiku loyenera kupembedza, ndipo maukwati angapo a ku Neno anayambira pa mailosi awiri omwewo. Fungo la mabuleki otentha linkatsalira m'mbuyo mwa lole, anthu n'kumaseka kuti phirili dzina lake linalikhaladi. Pa mpiringidzo Laimoni ankasungapo mtsuko wa madzi akumwa ndi mulu wa miyala yotsamiritsa matayala. Lole isanalowe mumtsetse ankaizungulira, kugogoda tayala lililonse ndi nyundo yake, kenaka n'kuuza dalaivala aponde buleki iye akuona. Madalaivala ena ankamutukwana, ena ankamunyengerera ndi fodya, iye n'kungoyankha kuti pofera salambula.

Tsiku lina panafika mzungu wogula fodya ndi dona wake, pa galimoto yaing'ono yonyezimira. Mzunguyo analiza hutala, anakalipa mpaka kufiira makutu. Laimoni Chingerezi sankachidziwa, ndipo tsikulo kusadziwako kunamuthandiza. Anangokwera pa mpiringidzo n'kukhalapo, miyendo lendelende, mpaka dona anatsika yekha, natsegula ambulera, n'kuuyamba wapansi pamodzi ndi amayi a madengu. Odwala ndi okalamba osatha kuyenda, amenewo ankawabereka iye mwini kumsana mpaka pansi, n'kukweranso phiri kubwerera pa ntchito yake. Palibe anamutuma zimenezo, ndipo pa chikwangwani sizinalembedwe. Kuyambira tsiku limene mpiringidzo unaikidwa mpaka 1958, pamene anakuza msewu n'kuzula mpiringidzowo, pa Kanyimbi sipanafe ngakhale nkhuku. Lero tili ndi apolisi ovala zoyera ndi makina oyezera liwiro, koma maliro a pamsewu sakutha, ndipo munthu ukaganiza zimenezi mtima umawawa.

Tsiku limene anthu amamukumbukira nalo linali Lachinayi, mwezi wa Novembala 1952, mvula yoyamba itagwa dzulo lake. A Enelesi anali atavutika ndi chilonda cha pamwendo kuyambira nthawi yokolola. Mankhwala achikuda analephera, a kumishoni anayesa mbali yawo n'kunena kuti apite kuchipatala chachikulu ku Blantyre msanga, mwendowo usanawatengere moyo. Lole yopita kumeneko inali imodzi pa sabata, ya dalaivala wina dzina lake Jimu. Mailesi sakanatha kuwaperekeza chifukwa anali m'chikuta ndi khanda la masiku asanu, losatchulidwa dzina. Anawaperekeza ndi alongo awo, a Gerishon, mwinimbumba wa pamudzipo, nkhalamba yoyendera ndodo koma ya lilime lakuthwa.

Laimoni ankazidziwa zonsezi, ndipo kuyambira m'mawa mtima wake sunali m'malo. Ankadzitonthoza kuti pa lole sipangalephere kukhala amuna ena oti n'kuwanyamula. Koma inali nyengo yobzala, amuna onse ali kuminda. Lole itaima pa mpiringidzo panatsika amayi atatu, aliyense mwana kumbuyo, ndi a Gerishon. Kutsogolo, pambali pa dalaivala, kunatsala munthu mmodzi, nkhope yophimba ndi nsalu yakuda.

Jimu anatulutsa mutu pawindo n'kunena kuti mabuleki anamangitsa sabata yatha, ndipo amayiwa sangayende ngakhale mapazi khumi. A Gerishon anangoloza mpiringidzo ndi ndodo. Laimoni anayang'ana matope ofiira a pokhota poyamba, anayang'ana matumba a tirigu osanjikizana mpaka kupitirira denga la lole. Kenaka anagwada, msana atalozetsa kwa apongozi ake, n'kuuza a Gerishon motsitsa mawu kuti lamulo likuti munthu aliyense.

"Munthu aliyense?" anatero a Gerishon. "Amene anakubalirani mkazi mukuwatcha munthu aliyense? Tsegulani, Laimoni. Mukapanda kutsegula, njira ya ku Magaleta mukuidziwa."

Mawuwo anamulasa, chifukwa a Gerishon sankanena chinthu kawiri. Anaganiza za Stelia, anaganiza za khanda lija limene anali atangolisuzumira kamodzi. Mpiringidzo unali wopepuka, dzanja limodzi linkakwana kuukweza. Mwina lole ikanatsika bwino, pajatu inkatsika bwino sabata iliyonse. Koma tsoka silinunkha, ndipo manja akewa anali atanyamulapo kale mayi wodwala kuchokera pansi pa matumba a tirigu. Anachita mantha kwambiri, koma anakhalabe chogwada, osatsegula.

Dzuwa linakwera, ana anayamba kulira. Jimu anati akachedwanso akapeza Lisungwi atadzaza, ndiye kuti ulendo wa sabata ino wathera pomwepo. Aliyense anadziwa kuti mwendo wa a Enelesi sungadikire Lachinayi lina. Pomalizira pake mawu anatuluka pansi pa nsalu, olunjika kwa alongo awo, kuti auze adalaivala awatsitse. Jimu anawanyamula akung'ung'udza, n'kuwakhazika pa mwala m'mbali mwa msewu. Laimoni anamenya chitsulo katatu, anakweza mpiringidzo, lole n'kulowa mumtsetse ikubuula.

Tsono panatsala funso limene aliyense ankaliona koma palibe analifunsa. Amayi atatu aja anali ndi ana kumbuyo ndi mitolo pamutu. A Gerishon ankadzivutikira okha ndi ndodo yawo. Laimoni anatseka mpiringidzo, anapukuta manja pa kabudula, anayenda chafutambuyo mpaka pamwala paja, n'kunjuta msana uli kwa apongozi ake, monga ankachitira ndi odwala onse. A Gerishon anangoti kukamwa yasa. Mmodzi wa amayi aja anayang'ana kumbali. Panapita nthawi yoti munthu n'kusenda chinangwa n'kuchitha, kenaka Laimoni anamva manja awiri owonda akumugwira m'mapewa.

Anali opepuka ngati mtolo wa udzu, ndipo thupi lawo linali lotentha. Ulendo wonsewo palibe anayimba, palibe analankhula. Laimoni ankangoyang'ana zala zake zakuphazi zikumira m'matope, mpweya wa apongozi ake ukumuomba m'khosi, manyazi atamugwira mpaka kulakalaka nthaka itang'ambika. Pansi anakapeza lole ili bwinobwino, Jimu atatsamira tayala akusuta fodya, ndipo anawalandira ndi mawu oti iye wafika ngati akutsika pakhonde la nyumba yake. Laimoni anawakhazika a Enelesi pa mpando osacheuka, n'kubwerera kuphiri.

Nkhani inafika kumudzi iye asanafike. Pomatha sabata inali italowa m'nyimbo za pamtondo, ndipo ana ankaberekana pabwalo akuuzana kuti apongozi gwiritsani. A Gerishon atabwerako ku Blantyre anaitanitsa ankhoswe. Mlandu unali pawiri: kukaniza wodwala njira, ndi kugwira thupi la apongozi anthu akuona. Chimene chinawapweteka kwambiri a Gerishon n'chakuti lole inafika bwino. Ikanagwa, bwenzi Laimoni ali ngwazi. Koma inafika, ndiye kuti kwa iwo mbumba yawo inachititsidwa manyazi pachabe. Nkhoswe ya Laimoni inapepesa mpaka kuuma malovu. Chimene inapeza n'chakuti mphasa isatulutsidwe kaye kufikira mwini thupi atabwera kudzanena yekha, koma padakali pano mkamwiniyo asaponde pakhomo.

Choncho Laimoni anasamukira m'kanyumba ka pa mpiringidzo. Mailesi ankabwera masana ndi chakudya, khanda kumbuyo, n'kukhala chapatali. Sanamudzudzule, sanamulimbikitse. Khandalo linali lisanatchulidwebe dzina, chifukwa wolitcha anali a Enelesi. Tsiku lina Mailesi anangofunsa kuti, akanakweza mtengowo kamodzi kokha, ndani akanadziwa? Laimoni anangoyang'ana kuphompho. Anawasowa ana ake koopsa. Akaima pamwamba pa thanthwe ankaona nsonga za manachesi ake, ndipo nthawi zina kachinthu koyendayenda pansi pake kamene ankakhulupirira kuti ndi Stelia. Ntchito sanaisiye. Anapitiriza kutsitsa anthu, ena akumufunsa poyera kuti lero abereka apongozi a ndani.

Anadutsa masabata asanu ndi awiri. Mu Januwale, chimanga chili m'mawondo, kunabwera uthenga woti a Enelesi achira koma mwendo awudula pansi pa bondo, ndipo a Gerishon anapita kukawatenga. Lole ya Jimu inkabwerera Lolemba. Tsikulo Laimoni anaimva ikulira kuchigwa, n'kudikira kuti Ezekiele amenye kawiri. M'malo mwake chitsulo chinalira mosalekeza, kaliridwe kamene kanali kasanamvekepo chiikireni mpiringidzo. Laimoni anataya nyundo n'kuthamanga mtsetse wonse, akuterereka, akusuzumira kuphompho pokhota paliponse.

Pansi sanapezeko ngozi. Lole inali chiimire kuseri kwa mpiringidzo, ndipo ulendo uno inali yodzaza amuna amphamvu zawo obwerera kuchokera kumigodi ya ku Joni ndi masutikesi awo. Onse anali ataima mozungulira, manja m'chiuno. Ezekiele, nyundo ikadali m'manja, anati amukhululukire, anachita kulamulidwa ndi a Enelesi. Pakati pa anthuwo panali a Enelesi atakhala pa thumba, ndodo ziwiri zili pambali. Amuna anayi anali atadzipereka kuti awanyamule, wina mpaka kuvula jekete lake latsopano, koma anawakana onse. A Gerishon anali ataima potero, akukumba pansi ndi ndodo yawo.

Laimoni atawazindikira anatembenuka msanga kuti apatukire m'tchire, monga mwa zaka zonse.

"Laimoni."

Anaima. Dzina lake linali lisanatulukepo pakamwa pa apongozi akewo.

"Tembenukani kuno ndikuoneni."

Anatembenuka pang'onopang'ono, n'kupeza nsalu yakuda ija ili m'mapewa. Kanali koyamba kuona nkhope ya apongozi ake. Inali yaing'ono, ya mphini ziwiri patsaya, ndipo maso ake anali a Stelia enieni.

"Kuchipatala kuja ndagona ndi anthu otoledwa pamsewu, ndipo ndawaona ndi maso angawa," anatero a Enelesi, mokweza kuti alongo awo amve. "Ine pamoyo wanga ndakwerapo pamsana pa anthu awiri okha, amayi anga ndi inu. Mwana sathamangitsidwa pamudzi. Bwerani, mwana wanga, munditengere kwathu."

A Gerishon anayang'ana mlongo wawo, n'kupitiriza kukumba pansi ndi ndodo yawo. Mwinimbumba ndi mwinimbumba, koma mlandu mwini wake akauthira madzi palibe wina angaukolezere.

Ezekiele anamenya kawiri, lole inatsogola, ndipo Laimoni ananjuta. Ulendo uno a Enelesi sanakhale chete, anali ndi nkhani za zaka khumi ndi chimodzi. Asanapite patali anamuuza kuti nkhokwe imene anawamangira chaka chatha ndi yopendekeka, ndipo aliyense pamudzi akudziwa kupatula iye. Anamuuza kuti mchere umene ankawatumizira kudzera kwa Mailesi unkafika, kungoti analibe podzera pothokoza. Amuna a ku Joni aja ankatsatira m'mbuyo, masutikesi pamutu, akumvetsera ngati ali m'tchalitchi. Chapamwamba, pamene phompho limazama kwambiri, a Enelesi anasuzumira pansi, n'kumugwiritsa mapewa. Kenaka anafunsa ngati khanda lija analitcha dzina. Laimoni anapukusa mutu. Iwo anati zakhala bwino, dzinalo abwera nalo, koma akalinena kunyumba, bambo wake atalinyamula m'manja.

Apa Laimoni analephera kudzigwira. Misozi inatsika mpaka kumutchinga njira, ndipo manja ake onse awiri anali atagwira apongozi ake. A Enelesi anatenga nsonga ya nsalu yawo n'kumupukuta kumaso, uku akumuuza kuti aziyang'ana poponda, angawagwetse.